Agogo Akapita ku Nyumba Yosamalira Okalamba ku England: Kabuku ka Mabanja

Mabanja ambiri a kwathu amene anakhazikika ku England afika pa nthawi imene makolo awo sangathenso kukhala okha pakhomo. Ena sitiroko inawapha ziwalo mbali imodzi. Ena matenda oiwalaiwala, amene madokotala amati dementia, afika poti akusiya chitofu chili chiyakire kapena kutuluka usiku osadziwa kolowera. Ana onse amakhala ali kuntchito, ndipo kulibe mlamu kapena mdzukulu wa khomo loyandikana woti n'kumusiyira wodwala. Zikafika apa, dokotala kapena a khonsolo amayamba kutchula za care home, nyumba yosamalira okalamba. Kwa ife nkhaniyi imabwera ndi manyazi aakulu, makamaka abale akumudzi akayamba kufunsa pafoni kuti, "Zoona mwawapereka kwa anthu achilendo mayi anu, inu muli moyo?"

Kabuku kano kalembedwera banja limene lasankha kale njira imeneyi kapena latsala pang'ono kutero. Kangathandizenso inu amene muli ndi mwana kapena m'bale wogwira ntchito ya care, kuti mudziwe zimene amakumana nazo. Tizingoti "agogo" ponena za wosamalidwayo, kaya ndi mayi anu, bambo anu kapena mnzanu wa pabanja. Chachikulu chimene tikufuna mumve n'chakuti agogo amatetezeka ngati owasamalira akuwadziwa bwino, ndipo wodziwa agogo kuyambira kale ndinu. Udindo wanu ukadalipo ndithu, wangosintha kachitidwe.

Posankha nyumba

Nyumbazi zili mitundu iwiri. Ina imathandiza pa kusamba, kuvala, kudya ndi kumwa mankhwala basi. Ina, imene amati nursing home, imakhala ndi nesi wovomerezeka usana ndi usiku, ndipo ndiyo yoyenera munthu wodyera m'paipi, wa zilonda zazikulu kapena wodwalika kwambiri. Ku England zonsezi zimayenderedwa ndi bungwe la Care Quality Commission, mwachidule CQC, limene linayamba ntchito mu 2009. Likayendera limagamula kuti nyumbayo ndi Outstanding, Good, Requires improvement kapena Inadequate, ndipo lamulo limati chigamulocho chizipachikidwa poonekera. Lipoti lonse lili pa intaneti. Liwerengeni, ndipo muone chaka chimene linalembedwa, pakuti manijala akasintha nyumbanso imasintha. Ku Scotland, Wales ndi Northern Ireland kuli mabungwe awoawo ndi malamulo awoawo.

Pa za malipiro, a khonsolo amayamba aunika zosowa za agogo, kenako chuma chawo. Amene ali ndi chuma choposa £23,250 amadzilipirira yekha, ndipo wochepera pamenepo khonsolo imamuthandizapo. Pemphani kuunikaku msanga, musanasaine pepala lililonse.

Komabe lipoti silingakuuzeni fungo la m'khonde. Pitani nokha, ndipo ulendo umodzi ufike pa nthawi ya nkhomaliro. Mvetserani kuti belu likalira pamapita nthawi yaitali bwanji munthu asanafike. Onani ngati wodyetsa nkhalamba wakhala pansi n'kumacheza nayo, kapena waimirira n'kumayang'ana kwina. Manijala mum'funse mosazungulira kuti usiku pamakhala antchito angati pa okalamba angati, komanso kuti ndi angati okhazikika ndipo ndi angati aganyu otumizidwa ndi makampani ena. Aganyu akachuluka, agogo azidzuka tsiku lililonse n'kuona nkhope yachilendo.

Mmene tsiku limayendera

M'nyumba zambiri shifiti imakhala ya maola 12, kuyambira 7 kapena 8 koloko m'mawa mpaka nthawi yomweyo madzulo. Posinthana, ausiku ndi amasana amakhala pansi n'kupatsirana nkhani: uje sanagone, uje wakana mankhwala, uje anaterereka m'bafa. Imeneyi amati handover, ndipo si nthawi yoimba foni. Kuchoka apo mpaka cha m'ma 11 koloko kumakhala kalikiliki wa kudzutsa, kusambitsa, kuveka, kadzutsa ndi mankhwala. Wosamalira mmodzi amakhala ndi anthu angapo, ndipo amene sangathe kuima amafuna antchito awiri ndi makina onyamulira munthu otchedwa hoist. Mukafuna kumva za agogo mofatsa, imbani nkhomaliro itatha.

Masana kumakhala nyimbo, masewero olimbitsa thupi ochita atakhala pampando, kusamalira maluwa, wometa tsitsi, nthawi zina abusa kapena ansembe. Dzuwa likamapendeka zinthu zimasinthanso. Anthu ambiri a matenda oiwalaiwala amabalalika kwambiri nthawi imeneyi: amafuna "kubwerera kwawo", amafunafuna ana amene anakula kalekale, amagwedeza zitseko. Ngati ntchito ikulolani kufika chakumadzulo, mwathandiza agogo ndi owasamalira omwe.

Kuyambira pa 6 April 2024, malamulo a ku England amakakamiza nyumbazi kulola okalamba kulandira alendo, pokhapokha patakhala chifukwa chachikulu kwambiri. Ife timakonda kukaona wodwala tili gulu, ndi nyimbo ndi mapemphero. N'chinthu chokoma, koma chipinda n'chaching'ono ndipo mwina wa chipinda choyandikana ali m'maola ake omaliza. Pemphanitu malo ochezera. Agogo amapindula kwambiri ndi anthu awiri obwera pafupipafupi kusiyana ndi mpingo wonse wobwera kamodzi pamwezi.

Auzeni kuti agogo ndi ndani

Munthu aliyense amakhala ndi ndondomeko yake ya chisamaliro, care plan, imene antchito onse amatsatira. Zimene sizinalembedwe mmenemo zimaiwalika shifiti ikasintha, choncho musangonena pakamwa. Bungwe la Alzheimer's Society lili ndi kapepala kotchedwa This is me kothandiza banja kulemba mbiri ya munthu, ndipo nyumba zambiri zimakadziwa.

Yambani ndi dzina. Ku England mtsikana wa zaka 20 amaitana nkhalamba ya zaka 85 ndi dzina lake loyamba, ndipo kwa iwo palibe cholakwika. Kwa agogo athu chimenechi ndi chipongwe, ndipo ena amangokhala duu osayankha, antchito n'kumaganiza kuti ndi ogontha kapena amakani. Lembani kuti aziitanidwa "Agogo", "Amayi", "a Phiri" kapena "NaBanda", monga anazolowera.

Chachiwiri ndi chinenero. Matenda oiwalaiwala akamakula, chinenero chimene munthu anaphunzira atakula chimayamba kuthawa, n'kutsala chimene anayamwira. Mphunzitsi amene analankhula Chingerezi zaka 40 akhoza kuyamba kuyankha m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao chokhachokha. Konzani pepala la mawu ochepa amene agogo amanena akafuna madzi, akafuna kuchimbudzi, akamva kuzizira kapena ululu, muwaphunzitse antchito katchulidwe kake, ndipo limatidwe pafupi ndi bedi. Munthu wolephera kunena kuti "kukupweteka" amanena ndi manja: amakankha, amatsina, amakana kusamba. Akapanda kumveka amalembedwa kuti ndi wovuta.

Za kusamba nenani poyera. Ngati agogo aakazi sangalole kuvulidwa ndi mwamuna, kapena agogo aamuna ndi mtsikana wa msinkhu wa mdzukulu wawo, muli ndi ufulu wopempha zimenezo ndipo zilembedwe. Si nthawi zonse pamene nyumba ingakwanitse, makamaka usiku, koma ikadziwa imakonza. Fotokozaninso za tsitsi ndi khungu. Antchito ena sanapesepo tsitsi ngati lathu, ndipo sadziwa kuti khungu lakuda likasamba osadzola limatuwa n'kung'aluka. Aonetseni kamodzi chipeso chake, mafuta ake, ndi mmene agogo amamangira duku.

Kenako mbiri ya moyo wawo. Mayi amene anakula akudzuka tambala woyamba kukasesa pabwalo sadzasiya chifukwa ali ku Leeds kapena ku Manchester. Wosamalira wodziwa zimenezi akawapeza ali m'khonde mbandakucha sawakokera kubedi. Amawapatsa kansalu kopukutira tebulo ndi kapu ya tiyi, mtima wawo n'kukhala pansi. Lembani ntchito imene ankagwira, mpingo wawo kapena mzikiti wawo, nyimbo zimene amakonda, zakudya zimene sadya, mayina a ana ndi a omwe anatisiya, kuti wina asawafunse mosadziwa za mwana amene anamwalira.

Mawu amodzi kwa abale akumudzi. Kwathu nkhalamba yopezeka usiku pakhomo pa eni, itavula, ikulankhula zosamveka, kawirikawiri imatchedwa mfiti, ndipo ena aphedwa chifukwa cha zimenezi. Amenewa ndi matenda a ubongo. A Alzheimer's Society amati pafupifupi anthu 70 mwa 100 alionse okhala m'nyumba zosamalira okalamba ali ndi dementia kapena vuto lalikulu la kuiwala. Mukamafotokozera abale pafoni, atchuleni matendawa ndi dzina lake, kuti mbiri ya agogo isaipitsidwe iwo ali kutali.

Kugwa

A NHS, bungwe la boma la zaumoyo, amati mwa anthu opitirira zaka 65, mmodzi mwa atatu alionse amagwa kamodzi kapena kuposerapo pachaka, ndipo mwa opitirira zaka 80 ndi theka. Fupa la m'chiuno likathyoka pa msinkhu umenewu, ambiri sayendanso ngati kale. Zambiri zogwetsa zimabwera ndi ife eni: patapata, nsapato zopanda chogwira kuchidendene, chitenje chokwekwereza pansi, kakapeti kokongoletsa chipinda. Gulani nsapato zogwira phazi lonse. Musanatsanzike, onani kuti belu, magalasi, madzi ndi chogwirira poyenda zili poti agogo angafikire.

Mabanja ambiri amapempha zitsulo za m'mbali mwa bedi poganiza kuti ndiye chitetezo. Kwa munthu wosokonezeka mutu zimaonjezera ngozi, chifukwa amazikwera n'kugwa kuchokera pamwamba, kapena amapanikizika pakati pa chitsulo ndi matiresi. Nthawi zambiri bedi lotsika ndi kamphasa kolira munthu akapondapo ndizo zimathandiza. Akakukanizani zitsulo, funsani chifukwa m'malo mokwiya. Musawanyamulenso nokha agogo kuchoka pabedi kupita pachikuku, ngakhale muli ndi mphamvu. Makina onyamulira aja ndi nsalu zake amayesedwa miyezi 6 iliyonse mwa lamulo, ndipo antchito anaphunzira kagwiritsidwe kake. Agogo akagwa inu mulipo, musawadzutse, itanani antchito. Ngati amenyetsa mutu pamene akumwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin kapena apixaban, ayenera kuonedwa ndi achipatala mwachangu ngakhale akuoneka bwinobwino.

Zilonda za kugona, ndi vuto la khungu lathu

Apa tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene anthu athu amavulala mwakachetechete. Munthu akagona kapena kukhala mbali imodzi nthawi yaitali, magazi sayenda bwino pamalo pamene fupa latsamira, ndipo mnofu umayamba kuonongeka kuchokera mkati. Maphunziro ambiri amauza wosamalira kuti aziyang'ana malo ofiira. Pa khungu lakuda kufiirako sikuoneka, choncho chilonda chimadziwika chitaphulika kale. Chofunika ndi kuyang'ana pamalo powala bwino ndi kukhudza ndi dzanja: malo oderapo kuposa pozungulira pake, onyezimira, otentha kapena ozizira mosiyana ndi pena, olimba kapena ofewa modabwitsa, kapena pamene agogo amadzidzimuka mukawagwira. Malo ake ndi zidendene, m'chiuno, fupa la pamwamba pa matako, zigongono ndi mapewa.

Malangizo a bungwe la NICE amati munthu amene ali pa chiopsezo asapitirire maola 6 asanatembenuke, ndipo wa chiopsezo chachikulu asapitirire maola 4. Pamakhala pepala kapena kachipangizo kolembapo nthawi imene watembenuzidwa, ndipo mukhoza kupempha kuona. Funsani nesi kapena manijala mwaulemu kuti, "Kodi antchito anaphunzira kuzindikira zilondazi pa khungu lakuda?" Funso limeneli lapulumutsa zidendene za anthu. Ndipo mukamawadzola mafuta kumapazi pa tsiku lochezera, yang'anani nokha.

Chakudya chakwathu ndi kutsamwa

Palibe chimene chimasangalatsa agogo ngati fungo la nsima ndi ndiwo zakwathu. Koma sitiroko ndi matenda oiwalaiwala zimafooketsa minofu yomezera, ndipo chakudya chikalowera kunjira ya mpweya munthu amatsamwa kapena kudwala chibayo. Katswiri wa za kalankhulidwe ndi kumeza ndiye amayeza, n'kuika agogo pa mlingo wa ndondomeko yotchedwa IDDSI, imene ili ndi manambala kuyambira 0, madzi wamba, mpaka 7, chakudya cha masiku onse. Musanabweretse chilichonse, funsani kuti agogo ali pa nambala yanji. Nsima yolimba imamata kukhosi. Mtedza, chimanga chootcha, mandasi, usipa ndi chambo cha minga zikhoza kupha munthu wovutika kumeza, ngakhale atazipempha ndi misozi. Kambiranani ndi akukhitchini. Kawirikawiri phala losalala, mbatata yopota kapena ndiwo zotendera zopera bwino zimatheka kukonzedwa pa mlingo woyenera. Chimene mwabweretsa chilembedwe dzina ndi tsiku, ndipo antchito adziwe zimene agogo adya, makamaka ngati ali ndi matenda a shuga.

Podyetsa, agogo akhale tsonga, ali maso, ndipo musawafulumizitse. Kutsokomola pakudya, mawu omveka ngati kukhosi kuli madzi, ndi chakudya chotsalira m'masaya ndi zizindikiro zoti munene tsiku lomwelo. Ngati madzi awo amathiridwa ufa wolimbitsa, musawapatse madzi wamba kapena fanta mobisa. Ufawo usasiyidwe poti angaufikire: mu 2015 a NHS England anachenjeza dziko lonse nkhalamba ina itamwalira chifukwa chomeza ufawu uli wouma.

Okalamba samva ludzu msanga. Kuchepa kwa madzi m'thupi, matenda a m'njira ya mkodzo ndi kudzimbidwa zimatha kusokoneza mutu mwadzidzidzi. Agogo akasintha m'tsiku limodzi kapena awiri, kuyamba kuodzera kwambiri kapena kuona zinthu zimene palibe, musangoti ndi ukalamba. Inu amene mumawadziwa ndinu mungaone msanga, ndipo dokotala ayenera kudziwa.

Mankhwala

Mankhwala onse amalembedwa pa pepala lotchedwa MAR chart, ndipo wopereka amasaina nthawi iliyonse. Musasiye Panado, mankhwala a chifuwa kapena azitsamba otumizidwa kuchokera kumudzi m'kabati ya agogo. Akhoza kumwa kawiri mankhwala amodzimodzi, zitsamba zina zimalimbana ndi mankhwala a BP ndi a magazi, ndiponso mnzawo wosokonezeka mutu akhoza kulowa n'kumwa. Ngati pali chimene banja likufuna agogo azimwa, chionetseni kwa nesi kapena dokotala. Kubisa mankhwala m'chakudya kumaloledwa pokhapokha dokotala, wa zamankhwala ndi oimira agogo atagwirizana ndipo zalembedwa. Funsaninso za vitamini D: boma limalangiza mamaikulogalamu 10 patsiku kwa okhala m'nyumbazi, komanso kwa anthu a khungu lakuda, poti dzuwa la ku Britain n'lochepa.

Moto, madzi otentha ndi zitseko

Pa 31 January 2004 moto unabuka usiku m'nyumba ya okalamba ya Rosepark ku Uddingston, m'dziko la Scotland, ndipo anthu 14 anamwalira. Kafukufuku anapeza kuti zitseko zambiri za zipinda zinali zotsegula, utsi n'kulowa mosavuta. N'chifukwa chake chitseko chodzitsekera chokha musamachitchingire ndi mpando kapena nsapato, ngakhale agogo akudandaula kutentha. Makandulo a pa mapemphero, mbaula zamagetsi ndi mabulangete amagetsi zisalowe m'chipinda popanda chilolezo. Funsani ngati agogo ali ndi ndondomeko yawoyawo ya mmene angatulutsidwire moto utabuka.

Chenjezo lina likukhudza chizolowezi chathu chodzola. Mafuta ngati Vaseline ndi ena ofewetsa khungu amalowerera m'zovala ndi m'zofunda, ndipo nsalu yotere ikakumana ndi moto imayaka mofulumira kwambiri. Kuchapa kumachepetsa koma sikuchotseratu. Agogo apitirize kudzola, koma ngati amasuta fodya, antchito adziwe.

Madzi a m'bafa sayenera kupitirira madigiri 44, ndipo mazenera a m'mwamba amatsekulika mamilimita 100 okha kuti munthu asagwerepo. Zitseko zakunja zimakhala ndi manambala achinsinsi. Potuluka yang'anani kumbuyo, pakuti munthu wovala bwino amene akukutsatirani mwaulemu akhoza kukhala wokhala momwemo. Ngati agogo amakonda kutuluka, funsani za fomu ya apolisi yotchedwa Herbert Protocol, imene mumalembapo malo amene angalowere ndi kuikapo chithunzi chawo chaposachedwa, kuti atasowa kufufuza kuyambe nthawi yomweyo. Ndipo inu mukatsegula m'mimba kapena kusanza, dikirani maola 48 zitasiya musanapite kukaona agogo, n'kusamba m'manja ndi sopo, poti mankhwala ongopaka m'manja sapha norovirus, kachilombo kamene kamayambitsa kutsegula m'mimba ndi kusanza.

Anthu amene akugwira ntchitoyi

Mu February 2022 boma la Britain linatsegula viza ya ogwira ntchito ya care ochokera kunja, ndipo anabwera ambiri kuchokera ku India, Nigeria, Zimbabwe, Ghana, ena kuchokera ku Malawi ndi Zambia. Kuyambira pa 11 March 2024 obwera kumene analetsedwa kutenga mabanja awo, ndipo pa 22 July 2025 njira yolembera antchitowa kuchokera kunja inatsekedwa. Choncho mayi amene akusambitsa agogo anu mwina anasiya ana ake aang'ono kwawo. Malipiro a ambiri amayandikira malipiro otsikitsitsa ololedwa ndi lamulo, amene mu April 2025 anali £12.21 pa ola. Bungwe la Skills for Care limasonyeza kuti m'zaka zaposachedwapa pafupifupi wantchito mmodzi mwa anayi alionse amachoka pa malo ake a ntchito chaka chilichonse.

Kuchoka kumeneku kumakhudza agogo mwachindunji. Wosamalira amene wakhala nawo chaka ndi amene amazindikira kuti lero akutsimphina pang'ono, kuti asiya theka la phala, kuti sanayankhe moni monga mwa masiku onse. Wobwera dzulo sangaone zimenezi ngakhale atakhala wakhama chotani. Malipiro sali m'manja mwanu, koma mmene munthu amamvera akaona banja lanu likulowa pakhomo zili m'manja mwanu.

Tinene mosabisa: ena mwa ife tinakulira m'nyumba zokhala ndi antchito ongotumidwa, ndipo timalowa m'nyumba ya okalamba ndi mawu omwewo a "iwe, tabwera kuno". N'kulakwa. Amene akupukuta chimbudzi cha mayi anu 3 koloko usiku akuchita zimene mwana wobereka yekha amayenera kuchita, ndipo ayenera ulemu wa m'bale. Dziwani mayina awo. Apatseni moni musanayambe mafunso. Kumbukirani ochapa, ophika, okolopa, ndi ausiku amene simuwaona.

Kuthokoza kumene kumathandiza kwambiri ndi kolemba, kotchula dzina ndi chimene munthu wachita. Kalata kapena imelo yopita kwa manijala yonena kuti uje anaona chotupa pachidendene Lachiwiri n'kuitana nesi imasungidwa, imamuthandiza pokwezedwa pa ntchito, ndipo imaphunzitsa anzake chimene banja limayamikira. Fomu ya CQC ya pa intaneti yotchedwa Give feedback on care imalandira zabwino zomwe, osati madandaulo okha. Mukabweretsa chakudya choti onse agawane, patulani china cha ausiku.

Ndalama ayi. Kwathu kupereka "ya fanta" ndi ulemu, koma nyumba zambiri zimaletsa wantchito kulandira ndalama kapena mphatso yodula kuchokera kwa okalamba ndi abale awo, ndipo wolandira akhoza kuchotsedwa ntchito. Kwa amene viza yake yamangirira pa bwana wakeyo, kuchotsedwa kumatanthauza kuti kawirikawiri amatsala ndi masiku 60 okha oti apeze wina womulemba, apo ayi achoke m'dzikomo. Funsani manijala zimene zimaloledwa.

Mukapeza wakwathu pakati pa antchito mtima umagwa pansi, ndipo n'zomveka. Koma musamusenzetse katundu woposa mphamvu zake. Musamupemphe nambala yake ya foni, zithunzi za agogo pa WhatsApp, nkhani za okalamba ena, kapena kuti azikondera agogo anu. Zonsezi n'zoletsedwa pa ntchito yake, ndipo poti ndinu akulu adzachita manyazi kukukanani. Mulekeni acheze ndi agogo m'chinenero chathu, zinazo zidzere kwa manijala. Ngati matenda apangitsa agogo kutukwana kapena kumenya wantchito, pepesani m'malo mwawo ndipo muthandize kufufuza chimene chikuwakwiyitsa.

Wolankhulira agogo ndani

Ku England kukhala mwana woyamba, mwini mbumba kapena wolembedwa kuti ndinu wachibale wapafupi sikukupatsani mphamvu yogamula za agogo. Lamulo la Mental Capacity Act la 2005 limati munthu amadzisankhira yekha malinga ngati akutha kumvetsa nkhaniyo. Kuti wina adzawaimire mtsogolo, agogo ayenera kusaina Lasting Power of Attorney akadali ndi nzeru zawo, ndipo ilembetsedwe ku Office of the Public Guardian. Ilipo ya za umoyo ndi chisamaliro, ilipo ya za ndalama ndi katundu. Mukachedwa, njira yotsala ndi ya kukhoti, imene ndi yaitali komanso yodula. Pa nthawi yomweyo kambiranani zimene sitikonda kukamba: ngati akufuna kudzatsitsimutsidwa mtima ukaima, ndi kumene akufuna kudzaikidwa. Sankhaninso munthu mmodzi wolankhula ndi nyumbayo, kuti antchito asamalandire malangizo osiyana kuchokera kwa ana asanu.

Zinthu zikalakwika

Zovala kusokonekera kochapira ndi nkhani yaing'ono; lembani dzina pa chovala chilichonse. Koma mabala osadziwika chiyambi chake, kuonda msanga, kupezeka ali m'mikodzo mobwerezabwereza, ndalama kusowa, kapena agogo kuchita mantha wantchito wina akalowa, zimenezi musazisunge mumtima poopa kuti adzawabwezera. Nyumba ili ndi udindo mwa lamulo wokuuzani zoona ndi kupepesa pakachitika ngozi yaikulu.

Yambani ndi woyang'anira shifiti, kenako manijala, ndipo lembani tsiku, nthawi, chimene mwaona ndi amene mwamuuza. Nenani zimene maso anu aona, musayambe ndi kuloza munthu chala, chifukwa nthawi zambiri gwero lake ndi kuchepa kwa antchito. Ngati mukuganiza kuti pali nkhanza kapena kulekerera, imbirani gulu la adult safeguarding la khonsolo ya dera limene nyumbayo ili. Lamulo la Care Act la 2014 limaikakamiza kufufuza, kaya agogo amadzilipirira okha kapena ayi. Dziwitsaninso CQC, imene siweruza dandaulo la munthu mmodzi koma imatha kukayendera nyumbayo chifukwa cha zimene yamva. Yankho la nyumbayo likapanda kukukhutiritsani, pitani kwa Local Government and Social Care Ombudsman, ndipo kumeneko simulipira kanthu. Moyo ukakhala pa ngozi kapena pakachitika mlandu woonekeratu, imbani 999.

Pamene nkhaniyo ikufufuzidwa, pitirizani kukacheza, pa masiku ndi maola osiyanasiyana, kuphatikizapo Loweruka ndi Lamulungu pamene mabwana kulibe. Mukaganiza zowasamutsa agogo, funsani kaye dokotala wawo ndi a khonsolo, poti kusamuka kumasokoneza kwambiri munthu wa matenda oiwalaiwala, ndipo onetsetsani kuti care plan, pepala la mankhwala ndi pepala lija la mawu a chinenero chawo zafika ku nyumba yatsopano tsiku lomwe iwo akufika.